Makorali a Msuweni Wanga ndi Envulopu ya Alamu

Msuweni wanga anabwera kumudzi m'mwezi wa Juni, kutatsala chaka chimodzi kuti tichite chisankho chachiwiri cha matipate. Anali atakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tonse tinkadziwa kuti akuphunzira udokotala. Amene anafalitsa zimenezo ndi bambo ake, amalume anga. Akazi awo atamwalira, amalume anasudzulidwa ku Kasina kumene anakwatira, n'kubwerera kwathu kuno chakumtunda kwa Mayani. Aliyense wodandaula msana kapena mawondo ankamuuza kuti apirire pang'ono, mwana wawo ali m'njira.

M'mawa mwake atangofika, azimayi atatu anali atakhala kale pakhonde pa amalume, wina ndi khanda la chifuwa, wina ndi bondo lotupa, wachitatu atagwira tsaya chifukwa cha dzino. Msuweniyo anatuluka atavala chijekete chofika m'mawondo, ngati kuzizira kwa Dedza akukuona koyamba, n'kuwauza mwaulemu wonse kuti iye si dokotala wa anthu.

"Wa ng'ombe?" anafunsa mayi wa dzino uja.

"Ayi, amayi. Ndimaphunzira tizilombo ta m'nyanja yamchere."

Azimayiwo anayang'anizana, anamanga bwino zitenje zawo, n'kunyamuka osatsanzika. Amalume analowa m'nyumba, osatulukamo mpaka masana.

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa sitandade 4. Ndinali mmodzi wa aphunzitsi amene anatitola mothamanga sukulu itakhala yaulere, choncho ndinkadziona ngati munthu wodziwa zinthu. Komanso msuweni ndi msuweni, ukhoza kumunena mmene ufunira popanda mlandu. Tsiku lomwelo chakumadzulo, tikusankha mbatata yakachewere pabwalo, ndinamuuza kuti ationetse chimene chamudyera zaka zonsezo.

Anabwera ndi kabotolo konga ka mankhwala a chifuwa. M'katimo munali kanthu kotuwa koviikidwa mu sipiriti, kooneka ngati bowa amene waiwalika m'dengu masiku atatu. Anati dzina lake ndi korali. Makorali ena amamanga miyala yolimba pansi pa nyanja, koma ake ndi ofewa, amaweyuka ndi madzi ngati udzu pamphepo.

"Ndiye ndi chomera," ndinatero.

"Ndi nyama."

"Mutu wake uli kuti?"

"Si nyama imodzi ayi. Ndi tinyama tambirimbiri tokhala m'thupi limodzi, kalikonse kali ndi kakamwa kake ndi timanja tisanu ndi titatu."

"Anthu amadya?"

"Ayi."

"Amachizira matenda?"

"Alipo ena amene akufufuza zimenezo. Ine si mbali yanga."

Mbali yake inali ya chibale. Anafotokoza kuti akatswiri akale ankagawa makoraliwo m'mabanja poyang'ana maonekedwe, komanso timinga ting'onoting'ono topezeka mumnofu wake. Iye sankakhulupirira maso. Ankadula kachidutswa kochepa ngati njere ya mawere, kukasinja, n'kutulutsamo chimene ankachitcha DNA, kapena kuti majini, malangizo amene cholengedwa chilichonse chimalandira kwa makolo ake. Anandionetsa chipepala chonga cha ekisireyi, chokhala ndi timizere takuda tosanjikizana ngati makwerero. Timizere timeneto ankatiwerenga ngati zilembo, mitundu inayi yokha, n'kuyerekeza za korali uyu ndi za uyo. Zikasiyana pang'ono, ndiye kuti ndi abale apafupi. Zikasiyana kwambiri, ndiye kuti makolo awo anasiyana njira kalekale. Kenaka ankajambula mtengo wa nthambi, aliyense pa nthambi yake.

Apa maso ake anayamba kuwala. Anati wapeza kuti makorali awiri ofanana ngati mapasa, amene mabuku onse amawaika m'banja limodzi, alibe chibale chenicheni. Pamene wina wonga bowa ndi wina wonga chitsamba anapezeka kuti ndi a mtundu umodzi. Vuto linali lakuti gawo la majini limene ankawerengalo limasintha pang'onopang'ono kwambiri, moti mitundu yoyandikana inkangotuluka chimodzimodzi, osatha kuisiyanitsa.

"Ndiye zaka zisanu ndi chimodzi," ndinatero, "kuti udzatiuze kuti tinthu tosadyedwa, ta m'nyanja imene dziko lino lilibe, sukutidziwa bwinobwino."

Anaseka, n'kunena kuti ndafotokoza bwino kuposa mmene iye akanafotokozera. Ndicho chinkandinyansa mwa iye. Kumunyoza kunali ngati kuponya mwala m'thope.

Nkhani ikanathera pomwepo zikanapanda alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo anabwera ndi njinga ndi wailesi basi. Nthawi ya chipani chimodzi ndiwo ankaima pachipata cha msika wa Mayani kubweza aliyense wopanda khadi, ngakhale mayi wapakati. Matipate itabwera, sabata siinathe, anapezeka ndi malaya a mtundu wina, akukuwa kuti iwo anazunzika kwambiri mu ulamuliro wakale. Kuyambira pamenepo mawu awo anali awiri, demokalase ndi ufulu wachibadwidwe. Ukawafunsa chifukwa chimene sanapite kudimba, ufulu wachibadwidwe. Ukawafunsa kumene agona, demokalase.

Kumene ankagonako tinkakudziwa. Kunali mayi wina wogulitsa kaunjika pa Mayani. Chimene alamu ankasowa ndi khomo lotulukira lowasiyira ulemu, ndipo analipeza pa mwana wawo wachitatu, kamtsikana ka zaka zinayi. Mwanayo anabadwa woyererako kusiyana ndi anzake awiri. Alamu anayamba ndi nthabwala, kenaka kung'ung'udza, mapeto ake n'kumanena poyera kuti mwanayo ndi wa dalaivala wa lole imene inkabwera kudzagula mbatata. Mng'ono wanga ndi munthu wosayankhula. Ankangoti phee, n'kumaonda.

Tsiku lina msuweni anapita kukagula mabatire m'sitolo ya bambo wina wachisilamu pa Mayani, munthu wachikulire wochezeka. Bamboyo anamufunsa ntchito imene amagwira ku Joni, ndipo wophunzira wathuyo, osaganiza n'komwe, anayankha kuti amawerenga majini. Akuti bamboyo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mashelefu, akutchula dzina la Mulungu. Kwa iye, ngakhalenso kwa ife tonse, majini ndi ziwanda. Dzuwa lisanalowe msika wonse unali utamva kuti mwana wa amalume amasunga jini m'botolo.

Alamu okha ndiwo sanachite mantha. Paja anali ndi wailesi. Anali atamvapo kuti kunja azungu amatha kudziwa bambo wa mwana poyeza magazi kapena tsitsi.

Lachisanu masana mng'ono wanga anabwera kunyumba kwanga akuthamanga, mwana ali kumsana. Anamutsitsa, n'kumutembenuza. Kuseri kwa khutu kunali malo ometedwa mpala, aakulu ngati pakamwa pa kapu. Zikhadabo za dzanja lamanja zinali zitawengedwa mpaka pamnofu, chala chimodzi chili ndi magazi ouma.

"Achemwali, andiphera mwana," anatero.

Aliyense wokulira kwathu amadziwa chimene munthu amafuna akaba tsitsi ndi zikhadabo za mwana. Ife ndife Akatolika, koma tsiku limenelo nanenso ndinaganiza za ufiti. Tinamufunsa mwanayo mokoma, tinamuopseza, iye n'kumangolira. Mng'ono wanga anamuveka kolona m'khosi, osamulola kuchoka pambali pake.

Loweruka m'mawa ndinkachapa kuseri kwa nyumba ya amalume, poti kumeneko ndi kufupi ndi chitsime. Msuweni anali pamphasa akuothera dzuwa ndi mapepala ake. Ndinamva belu la njinga, kenaka mawu a alamu.

"Adokotala, mwadzuka bwanji? Ndati ndidzamve za ntchito yanu ija. Anthu osaphunzirawa sangaimvetse, koma ife ena timatsata."

Palibe munthu amene anali atafunsapo msuweni wanga za ntchito yake mwaulemu chotere chibwerereni. Anatenga kabotolo kaja, anatenga chipepala chija, anathyola kamtengo n'kuyamba kujambula nthambi pansi. Anayankhula mpaka ine kumaliza kutsukuluza mabulangete awiri. Alamu ankangoti, "Eya. Zoona. N'zimene ndimanena ine." Ndinasuzumira pakona ya nyumba. Maso awo sanali pa nthambizo ayi, dzanja linali m'thumba la malaya.

Potsiriza anatulutsa envulopu ya khaki, n'kuiika pamphasa.

"Muli tsitsi ndi zikhadabo za kamtsikana kaja. Langa ndaikamonso, ndalikulunga palokha. Mukapime."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa ndowa. Msuweni anaiyang'ana envulopuyo, kukamwa yasa. Munthu wanzeru zapamudzi akanaimirira pomwepo n'kuwathamangitsa. Iye anayamba kuphunzitsa.

"Alamu, choyamba, ine ndimapima makorali, osati anthu. Chachiwiri, gawo la majini limene ndimawerenga limachokera kwa mayi yekha. Za bambo sizionekamo. Chachitatu, ngati mukukayika chifukwa mwanayo sakufanana nanu, ntchito yanga yandiphunzitsa kuti maonekedwe amanama. Osafanana akhoza kukhala abale enieni. Ofanana kwambiri akhoza kukhala opanda chibale."

Alamu anakhala tsonga.

"Mwati ofanana akhoza kukhala opanda chibale?"

"Pa makorali, inde, zimachitika kawirikawiri."

"Zikomo kwambiri, adokotala."

Anakwera njinga, envulopu n'kuisiya pomwepo. Ndinatulukira ndi thovu m'manja.

"Iwe, ukudziwa chimene wachita?"

"Ndawakanira," anayankha. "Ndipo ndawafotokozera kuti khungu la mwana si umboni."

"Wawapatsa nkhwangwa, chitsiru iwe."

Sanandimvetse. Anatenga envulopu ija n'kuilowetsa pakati pa buku lake ngati chosungira tsamba. Ndinamulanda, n'kuibisa m'kamisolo.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, nkhani inali itafika kale. Alamu anali atalengeza pamalo omwera tiyi pa Mayani kuti dokotala wa ku Joni watsimikiza: kamtsikana si kawo, ndipo ngakhale ana awiri oyamba aja, amene anawatengera mphuno ndi mayendedwe, akhoza kukhala a munthu wina, chifukwa sayansi yapeza kuti kufanana n'kunama. Munthu anagona ali ndi ana atatu, anadzuka alibe ndi mmodzi yemwe. Azimayi amene tinkaimba nawo kwaya ankamuyang'ana mng'ono wanga chammbali. Mwana wake woyamba, wa sitandade 3, anabwera kusukulu Lolemba atatupa diso, atamenyana ndi anzake amene ankamutcha mwana wa lole.

Amalume, monga nkhoswe ya mng'ono wanga, anatumiza uthenga kwa nkhoswe ya alamu. Anabwera akulu awo a alamuwo, bambo wofatsa wocheka matabwa m'nkhalango ya paini, manja ake okhakhala ngati khungwa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa khola, mphepo ikuwomba, aliyense atafunda chimene anali nacho.

Alamu anayankhula nthawi yaitali. Anatchula demokalase kanayi. Anati dziko lasintha, nthawi yokakamiza mwamuna kulera ana a eni inapita ndi ulamuliro wakale, ndipo mboni yawo ndi munthu wophunzira kuposa tonse amene tinali pamenepo.

Amalume anatembenukira kwa mwana wawo. "Tauzani anthuwa."

Msuweni anaimirira, n'kukonza kolala ya chijekete chija. "Funso limeneli lili ndi mbali zingapo. Tikamanena za chibale, tiyenera kusiyanitsa kaye..."

"Iwe," anamudula amalume. "Wapima kapena sunapime?"

"Sindinapime."

"Ungathe kupima?"

"Sindingathe. Gawo limene ndimawerenga limatsata mayi yekha."

"Mayi yekha?"

"Inde, ababa."

Amalume anaseka koyamba chibwerereni mwana wawo, kuseka kowawa. "Ndiye unapita ku Joni kukaphunzira kuti mwana ndi wa kwa mayi ake? Ukanandifunsa ine ndikanakuuza uli pakhomo pano. Khala pansi."

Alamu anayesa kunena kuti adokotala akuopa bambo awo, koma ine ndinali nditatopa. Ndinatulutsa envulopu ija, n'kuikhuthulira pa mbale yachitsulo pakati pa bwalo. Tsitsi lofewa la mwana, tizikhadabo tisanu, ndi kapepala kokulunga tsitsi lawo. Mphepo inafuna kuuluza, ndinavindikira ndi dzanja.

Mng'ono wanga anali asanadziwe kuti ndi amuna ake amene anachita zija. Ndinali nditamubisira dala, poopa kuti angawathire madzi otentha tisanakumane. Anayang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana mwana wake amene anali pamiyendo pake.

Akulu awo a alamu anavula chipewa.

"Ndiwe unameta mwanayu?"

"Zinali za sayansi, achimwene."

"Unamutengera kuseri, n'kumuwenga zikhadabo mpaka magazi, mayi ake osadziwa?"

"Ndili ndi ufulu wodziwa..."

"Tseka pakamwa." Sanakweze mawu. Anamuitana mwanayo, ndipo iye anapita mwamanyazi. Anamugwira chibwano, n'kumutembenuzira uku ndi uku. "Khungu ili ndi la malemu amayi athu. Iwe unali wamng'ono, sukuwakumbuka bwino. Makutu awa ndi anga."

Ndinaona msuweni akutsegula pakamwa. Ndinadziwa kuti akufuna kunena kuti makutu si umboni. Ndinamuponda chala chachikulu ndi chidendene, mwamphamvu, mpaka misozi inalengeza m'maso mwake. Anatseka pakamwapo.

Akuluwo anapepesa m'malo mwa banja lawo, n'kupempha kuti mng'ono wawo apatsidwe mwayi wina. Amalume anafunsa mwini wake. Aka kanali koyamba kuti mng'ono wanga ayankhule tsiku limenelo.

"Ine sindikufuna kupepesedwa. Atenge njinga yawo ndi wailesi yawo. Ana anga ndilera."

"Mayi, ganizani bwino," anatero akuluwo.

"Ndaganiza kuyambira Lachisanu. Ndinkapempherera kuti amene wagwira mutu wa mwana wanga aonekere. Waonekera."

Alamu anachoka tsiku lomwelo dzuwa likupendeka, wailesi itamangidwa ndi mphira pakaliyala. Akulu awo anakana kuyenda nawo njira imodzi, anadzera kumunda.

Msuweni anakhala sabata ina imodzi. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza kumsewu, nditamusenzera thumba la mbatata limene amalume anamukakamiza kutenga. Ankatsimphinabe pang'ono.

"Koma ine sindinaname," anatero tikudikira matola. "Chilichonse chimene ndinawauza alamu n'choona."

"N'choona kwa makorali ako. Munthu wabwera ndi tsitsi la mwana mu envulopu, iwe n'kumamuwerengera choyamba, chachiwiri, chachitatu?"

"Ndikanati chiyani?"

"Ukanati chokani."

Anakanda pansi ndi nsapato. Kenaka anati kumene amagwira ntchitoko munthu amene wanena motsimikiza chinthu chimene sanachipime amasekedwa. Ndinamuuza kuti kuno munthu amene satha kunena kuti ayi amasekedwanso, kungoti amene amalira ndi ena. Galimoto itafika anakwera kumbuyo, pamwamba pa matumba a kabichi, atakumbatira chikwama cha mabuku ngati khanda.

Chaka chotsatira chisankho chinachitika, ndipo munthu amene alamu ankamuvinira kuti akhale phungu analephera. Mayi wa kaunjika uja anasamukira ku Lilongwe osatsanzika. Tikukumba mbatata yam'dimba, tinangoona njinga ija ikutsika mtunda, pakaliyala pali matumba awiri opanda kanthu. Alamu anatipatsa moni mwaulemu umene sitinauonepo, n'kunena kuti abwera kudzaona ana, komanso kuti monga bambo ali ndi gawo pa zokolola.

Mng'ono wanga sanaweramuke n'komwe. "Ana angati?"

"Atatu."

"Mwapimitsa kuti?"

Alamu anayang'ana mizere ya mbatata. Ana anali kutsidya kwa dimba akutola, ndipo palibe anabwera kudzawalonjera. Anatembenuza njinga, n'kuikankha kukwera mtunda.

Makalata a msuweni ankafikira kusukulu kwathu, ndipo ine ndinkapita nawo kwa amalume kukawawerengera mokweza, poti maso awo anali atayamba kuchita khungu. Nthawi zambiri anthu oyandikana nawo ankabwera kudzamvera. Kalata ina inafika mvula itayamba. Masamba awiri oyamba anali a moni ndi kufunsa za fetereza. Tsamba lachitatu linali lodzaza chimwemwe: wasiya gawo lakale lija, wayamba kuwerenga gawo lina la majini limene limachokera kwa makolo onse awiri, mayi ndi bambo, ndipo akuyembekeza kuti limeneli limuthandiza kusiyanitsa mitundu yoyandikana. Pafunika zaka zina zitatu.

Pakhondepo panali anthu asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo amuna okwatira. Ndinawerenga za moni, ndinawerenga za fetereza, n'kupinda kalatayo.

"Yathera pomwepo?" anafunsa amalume.

"Kwatsalaku ndi za nyengo ya ku Joni," ndinatero. "Akuti kukutentha."